Mnzanga Ndi wa Chipani China: Mafunso ndi Mayankho kwa Achinyamata

Munthu ukafika msinkhu wovota, anzako amene munkangokamba nawo za mayeso ndi za mpira amayamba kuonetsa mbali imene sunkaidziwa. Uyu wayamba kuvala makaka a chipani, uyo akuti andale onse ndi mbava ndipo iye sadzavotanso, winayo watumiza pagulu uthenga umene wakusiya kukamwa kuli yasa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka zinthu zikafika pamenepa.

N'chifukwa chiyani kusemphana pa ndale kumawawa chonchi, pamene pa zinthu zina timangoseka n'kupitiriza kucheza?

N'chifukwa chakuti nthawi zambiri mkanganowo sukhala wa misonkho kapena misewu monga mmene umamvekera. Umakhala wa funso lakuti "ife ndi ndani, iwo ndi ndani". Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wa maganizo a anthu Henri Tajfel anasonkhanitsa anyamata a pasukulu ina ku Bristol n'kuwagawa m'magulu awiri. Anawauza kuti wawagawa potengera zithunzi zimene aliyense wakonda, za Paul Klee kapena za Wassily Kandinsky, pamene zoona zake anangowagawa mwachisawawa. Anyamatawo sankadziwa n'komwe kuti mnzawo uti ali m'gulu liti. Komabe atapatsidwa mwayi wogawira ena mphoto, ankakondera a gulu lawo, ndipo ena ankalolera kuti gulu lawo lipeze zochepa bola lipose linalo. Ngati zithunzi chabe zingachititse zimenezo, nanga kuli bwanji chipani chimene chili ndi mbendera, nyimbo, mtsogoleri ndi mbiri ya zaka zambiri?

Kwa wachinyamata pali chinanso. Maganizo a ndale amene muli nawo mwina ndi oyamba amene mwasankha nokha, osati ochita kuuzidwa kunyumba. Akadali anthete, ndipo munthu akawakhudza mumamva ngati wakhudza inuyo. Mnzanuyo nayenso ali chimodzimodzi.

Ndiye sikungakhale bwino kungoleka kukamba za ndale?

Pa ubwenzi wina, inde. Mnzanu amene mumangokumana naye pochita masewera kapena kuntchito safunika kudziwa maganizo anu onse, ndipo palibe chinyengo pamenepo. Koma kwa mnzanu wapamtima, lamulo loti "za ndale ayi" limadula mbali yaikulu ya moyo, chifukwa ndale zili m'nkhani ya ntchito imene mukuisowa, ngongole ya sukulu, kukwera mtengo kwa zinthu ndiponso ufulu wolankhula. Mukazolowera kuzemba nkhani zonsezi, mudzapeza kuti mwatsala ndi malonje basi. Chabwino n'kusankha nthawi ndi malo. Usiku wowerenga mavoti, pamowa, kapena pagulu la anthu ambiri si malo ake.

Ndimabwera ndi umboni weniweni koma iye samva. Vuto n'chiyani?

Umboni paokha sugwira ntchito mmene timaganizira. Mu 1979, pa yunivesite ya Stanford, Charles Lord, Lee Ross ndi Mark Lepper anatenga ophunzira amene ankagwirizana ndi chilango cha imfa ndi ena amene ankadana nacho. Onse anawapatsa malipoti awiri ofanana kulemera, lina lonena kuti chilangocho chimachepetsa kupha anthu, lina lonena kuti sichichepetsa. Aliyense anayamikira lipoti logwirizana ndi zimene ankakhulupirira kale, linalo n'kulipezera zifukwa, ndipo potuluka ambiri ananena kuti alimba kwambiri pa mbali yawo yakale. Dziwani kuti zimenezi zinachitika mbali zonse ziwiri. Matendawa si a mnzanu yekha, nanunso muli nawo, kungoti anu simuwaona.

Chimene chimathandizako ndi funso lakuti "zingayende bwanji?" m'malo mwa lakuti "n'chifukwa chiyani ukutero?". Funso lachiwirili limangomupatsa munthu mpata wobwereza mfundo za kumsonkhano. Loyambalo limamukakamiza kuyenda m'njira yonse. Leonid Rozenblit ndi Frank Keil a ku yunivesite ya Yale anasonyeza mu 2002 kuti anthu amadziona ngati akudziwa bwino mmene zipi, loko kapena makina osokera amagwirira ntchito, mpaka utawapempha kuti afotokoze sitepe ndi sitepe. Pamenepo amayamba okha kutsitsa mawu. Malonjezo a ndale nawonso ndi otero. Mnzanu akati boma lingochotsa msonkho wakutiwakuti, mufunseni modekha kuti ndalama zimene msonkhowo unkabweretsa zichokera kuti, ndipo ndani ayambe kumva kuwawa. Koma funsani chifukwa mukufunadi kumva, osati ngati msampha. Ndipo konzekani, chifukwa funso lomwelo likubwererani.

Ndingayambe bwanji nkhaniyi kuti isathere m'kutukwanizana?

Yambani ndi kuzindikira chimene mukusiyana, pakuti mikangano ya ndale ili ya mitundu yosiyana ndipo anthu amaisakaniza. Pali kusiyana pa zimene zinachitika: kodi ndalamazo zinasowadi, kodi lamulolo linadutsadi. Zoterezi zimafufuzika, ndipo n'kupanda nzeru kukangana maola awiri pa chinthu chimene mungachione limodzi m'mphindi zisanu. Pali kusiyana pa zimene munthu amaziika patsogolo: wina akuti bata ndilo loyamba, wina akuti chilungamo, wina akuti ufulu woti aliyense adzichitire zake. Apa palibe lipoti lingathetse nkhani, ndipo anthu awiri anzeru ndi a mtima wabwino atha kusiyana mpaka kukalamba. Ndiye pali kusiyana pa amene mumamukhulupirira, ndipo kumeneku ndi kumene kumatentha kwambiri. Wina amakhulupirira mtsogoleri wina chifukwa nthawi yake bambo ake anapeza ntchito, wina amadana naye chifukwa nthawi yomweyo m'bale wake anamangidwa. Aliyense akunena zoona za moyo wake.

Mukadziwa kuti muli pa mtundu uti, yesani njira imene Carl Rogers, katswiri wa uphungu, anaipereka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950: munthu asayankhe asanabwereze zimene mnzake wanena, mpaka mnzakeyo atavomera kuti ndi zomwezo. Zimamveka ngati masewera a ana, koma tayesani muone kuvuta kwake. Munganene kuti, "Aise, taima kaye ndione ngati ndakumva. Iwe ukuti anthu awa anapatsidwa mpata, analephera, ndiye kuwabwezeranso n'kudzipusitsa. Ndi choncho?" Akati ayi, sizimene ndikutanthauza, musiyeni akonze. Kawirikawiri mudzapeza kuti zimene mumafuna kuzigwetsa si zimene iye amakhulupirira, koma zimene mumamva kwa anthu ena a chipani chake.

Pewani mawu akuti "inu anthu". Mukangoti "inu anthu a chipani chimenecho", mnzanu wasiya kukhala munthu amene mumamudziwa, wasanduka woimira anthu mamiliyoni, ndipo ayamba kuteteza ngakhale zinthu zimene mumtima mwake sagwirizana nazo. Vomerezaninso pamene mbali yanu inalakwa, ndipo mutero poyamba inuyo. Palibe chipani chopanda banga. Munthu amene amateteza chilichonse cha mtsogoleri wake, ngakhale chooneka ndi maso, amataya ulemu ngakhale kwa amene amagwirizana naye.

Tikakumana timacheza bwino, koma pa WhatsApp ndi pa Facebook timangolumana. Chimasintha n'chiyani?

Chimasowa ndi mawu a pakamwa, ndipo chimawonjezeka ndi anthu oonerera. Juliana Schroeder, Michael Kardas ndi Nicholas Epley anapeza mu 2017 kuti anthu akamva munthu wa maganizo otsutsana nawo akulankhula ndi mawu ake, ankamuona kuti ndi woganiza bwino kusiyana ndi pamene awerenga mawu omwewo atalembedwa. Polankhula pamamveka kupuma, kukayika, kuseka. Polemba zonsezo zimafufutika, ndipo wowerenga amaikamo yekha ukali umene mwina wolembayo analibe.

Kuonerera kwa ena ndiko kumamaliza. Pagulu la anthu makumi atatu palibe amene amafuna kuoneka kuti wagonja, ndiye aliyense amalembera oonererawo, osati mnzakeyo. Mukaona kuti mauthenga ayamba kutalika ndipo ena ayamba kuikapo tizithunzi tamoto, tulukani pagulupo ndi nkhaniyo. Muimbireni, kapena mulembereni payekha kuti, "Izi tikambirane tikakumana." Ndipo musamajambule zimene mnzanu wakulemberani kumbali n'kukaziika pagulu. Ubwenzi wambiri umene akuti unatha chifukwa cha ndale unatha chifukwa cha khalidwe limeneli.

Ena amaganiza kuti mankhwala ake n'kumuthira mnzawo nkhani zambiri za mbali inayo kuti atseguke maso. Mu 2018 gulu la Christopher Bail wa ku yunivesite ya Duke linalipira anthu ku America kuti kwa mwezi umodzi azilandira pa Twitter mauthenga a andale a mbali imene sagwirizana nayo. Otsatira chipani cha Republican anatuluka atalimba kwambiri pa maganizo awo, ndipo a Democratic nawonso sanafewe. Choncho maulalo khumi amene mukufuna kumutumizira usiku uno, asungeni.

Mnzanga amakonda kutumiza nkhani zabodza. Ndimudzudzule kapena ndingokhala chete?

Mudzudzuleni, koma kumbali. Bodza pa intaneti lili ndi liwiro. Akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America, Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral, anaunika nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafalikira pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yaitali pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifikire anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza. Amene ankathamangitsa bodzalo kwambiri anali anthu enieni, osati makina, ndipo nkhani za ndale ndizo zinkaposa zonse. Nawo a WhatsApp, ataona mphekesera zikuphetsa anthu ku India mu 2018, anaika malire oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2019 lamuloli linafika dziko lonse lapansi.

Mnzanu nthawi zambiri si wabodza, wangokhala kandimverere amene ananena za m'maluwa. Mufunseni kuti waitenga kuti, ndani anailemba, ya liti. Zithunzi zambiri zoopsa zimakhala zakale kapena za dziko lina. Muonetseni pamene mwapeza zoona, kenako musiyeni akonze yekha pagulupo. Mukamuchititsa manyazi pamaso pa ena adzakakamira bodzalo pofuna kupulumutsa nkhope yake. Kupatula pamene uthengawo ungavulazitse munthu, monga wonamizira wina kuti waba mavoti n'kuikapo chithunzi chake. Pamenepo lankhulani pomwepo, pagulu pomwepo.

Ndikangomva akunyoza mtsogoleri amene ndimamukonda, mtima umandiphulika. Nditani?

Chokanipo kaye. John Gottman, amene wafufuza mikangano ya anthu apabanja kwa zaka zambiri, anapeza kuti mtima ukayamba kugunda kupitirira ka 100 pa mphindi pakati pa mkangano, munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike. Kafukufukuyo anali wa mabanja, koma thupi ndi lomwelo. Nenani poyera kuti, "Ndapsa mtima, ndisanalankhule zoipa tiyeni tisiyire pompa, tidzapitiriza." Mawu akuti tidzapitirizawo ndi ofunika, apo ayi mnzanu aona ngati mwamuthawa kapena mwamunyoza.

Kenako mudzifunse kuti n'chifukwa chiyani kunyozedwa kwa munthu amene sakudziwani n'komwe kukukusowetsani tulo.

Kodi ndiyenera kumuuza mnzanga amene ndamuvotera?

Ayi. Voti ndi yachinsinsi pa chifukwa chomwechi, kuti pasakhale wokukakamizani, kaya ndi bwana, kholo kapena mnzanu. Mukafuna kunena, nenani. Mukapanda kufuna, "imeneyo ndi yanga" ndi yankho lokwanira.

Chipani chake chapambana ndipo akundiseka tsiku lililonse. Ndipirire mpaka liti?

Kuseka kwa tsiku limodzi kapena awiri kulandireni, nanunso mukanaseka. Kukapitirira, muuzeni mosapita m'mbali kuti nthabwalayo yakwana, ndipo mumuuze chimene chikukudetsani nkhawa ndi boma latsopanolo. Anthu ambiri opambana saganiza kuti wogonjayo ali ndi mantha enieni, amangoona ngati timu yake yaluza. Ngati mwapambana ndinu, kumbukirani kuti mudzafunika kuyankha mafunso a mnzanuyo zaka zonse zimene anthu anu akhale pampando, ndiye sungani mawu.

Kodi anthu osiyana kotheratu pa ndale angakhaledi mabwenzi enieni, kapena n'zongonena?

Zimatheka. Antonin Scalia ndi Ruth Bader Ginsburg anagwira ntchito limodzi m'khoti lalikulu la America kuyambira 1993 mpaka Scalia atamwalira mu 2016. Pa milandu yambiri ikuluikulu ankakhala mbali zosiyana, ndipo ankatsutsana ndi mawu akuthwa. Komabe ankapitira limodzi koonera opera (zisudzo zoimba), ndipo mabanja awo ankadikirira limodzi chaka chatsopano. Chimene ndimachiona chofunika kwambiri pa awiriwa n'chimene chinachitika mu 1996, pa mlandu wa sukulu ya usilikali ya ku Virginia imene sinkalandira akazi. Ginsburg ndiye ankalemba chigamulo, Scalia ankatsutsa. Scalia anamupatsiratu mnzakeyo zimene walemba nthawi ikadalipo kuti athe kuziyankha bwino, ndipo Ginsburg pambuyo pake ankanena kuti chigamulo chake chinalimba chifukwa cha zimenezo. Sanagwirizane, koma aliyense ankamuona mnzake kuti ndi woyenera kuyankhidwa mokwanira.

Tisabise chilungamo: kwa oweruza awiri amene moyo wawo unali wotetezeka zinali zopepukirapo. Munthu amene mfundo ya chipani china ikumuchotsera ntchito, malo kapena ufulu sangaitenge ngati nkhani yocheza pa tiyi. Ubwenzi woterowo umafuna kuti amene sakukhudzidwayo amvetse kuti mnzake akulipira mtengo umene iye sakulipira.

Nanga malire ali pati? Ndi liti pamene ndiyenera kumusiya?

Kusiyana pa njira yoyendetsera chuma, pa kukula kwa mphamvu za boma, pa amene ali woyenera kulamulira, zonsezi si zifukwa zothetsera chinansi. Malire amafika pamene nkhani yasiya kukhala ya mfundo n'kukhala ya umunthu wa anthu ena: mnzanu akamanena kuti anthu a mtundu wakuti, chipembedzo chakuti kapena chigawo chakuti ndi osafunika, akamasekerera kumenyedwa kwa otsutsa, akamakuopsezani, kapena akamapereka dzina lanu kwa anthu amene angakuvulazeni. Ngakhale pamenepo, muuzeni kamodzi momveka bwino kuti mawu amenewo simuwalola, chifukwa achinyamata ambiri amangobwereza zimene amva popanda kuzilingalira. Akapitiriza atamva, mtunda ndi ufulu wanu, ndipo simukufunika chilolezo cha aliyense.

Mawu otere si ongoseweretsa. Ku Kenya, chisankho cha Disembala 2007 chitatha, anthu oposa 1,000 anaphedwa ndipo mazanamazana a zikwi anathawa m'nyumba zawo, ambiri akuthamangitsidwa ndi anthu amene ankakhala nawo moyandikana. Pofika kumapeto kwa Febuluwale 2008, Mwai Kibaki ndi Raila Odinga, amene ankalimbirana upulezidenti pa chisankhocho, anali atasainirana mgwirizano wogawana mphamvu, Kofi Annan ali mkhalapakati. Patapita zaka khumi, pa 9 Malichi 2018, Odinga yemweyo anagwirana chanza ndi Uhuru Kenyatta atangochoka pa chisankho china chowawa. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo njovuzo zikagwirizana palibe amene amabwera kudzaupepesa. Andale amasintha mabwenzi mmene zikuwakomera, pamene owatsatira amatsala osalankhulana.

Anzanga a mbali yanga akunditcha wapawiri chifukwa ndimachezabe ndi wa chipani china. Ndiwayankhe chiyani?

Auzeni kuti kucheza ndi munthu si kusaina mfundo zake. Auzeninso kuti amene alibe mnzake wa mbali inayo amakhala ndi chithunzi cholakwika cha anthuwo. Douglas Ahler ndi Gaurav Sood anafunsa anthu ku America kuti akuganiza kuti mwa otsatira 100 alionse a chipani cha Republican ndi angati amene amapeza ndalama zoposa madola 250,000 pa chaka. Anthu ankati pafupifupi 38, pamene zoona zake ndi 2 okha. Munthu ukamangomva za gulu lina kudzera kwa adani ake, umaliona lonse ngati anthu ake oipitsitsa kapena odabwitsa kwambiri. Mnzanu wa chipani chinayo ndi amene amakukonzerani chithunzicho, ndipo inu mumamukonzera chake.

Ndipo gulu limene likukuuzani anthu oti muzicheza nawo liyenera kukudetsani nkhawa kuposa mnzanuyo.

Ine ndi amene ndasintha maganizo. Ndiwauze bwanji osaoneka wopusa?

Nenani chimene chakusinthani, mwachidule, osanyoza amene atsala kumene mwachokako. Pa zaka makumi awiri ndi zingapo, kusintha maganizo ndi chizindikiro chakuti mukuwerenga ndiponso mukuona. Chokhacho choyenera kupewa ndi changu cha munthu wongotembenuka kumene, amene amafuna aliyense atembenuke naye sabata yomweyo.

Tinayambana nthawi ya chisankho ndipo papita nthawi osalankhulana. Kodi n'zotheka kukonza?

John Adams ndi Thomas Jefferson anagwirira limodzi ntchito yomenyera ufulu wa America, koma chisankho cha 1800, chimene Jefferson anagonjetsa Adams, chinawadanitsa moti Adams anachoka mu Washington m'bandakucha wa tsiku lolumbiritsa mnzakeyo. Anakhala zaka pafupifupi 12 osalemberana. Mnzawo wina, dokotala Benjamin Rush, ndiye ankawanyengerera uku ndi uku, mpaka pa 1 Januwale 1812 Adams analemba kalata yaifupi ya moni ndi nkhani za banja lake, yosakhudza za mkanganowo. Jefferson anayankha, ndipo analemberana makalata oposa 150 kufikira pamene onse awiri anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julayi 1826. Za ndale anadzazikamba ndithu, koma pambuyo pake, ubwenzi utayambiranso kuyenda.

Tengerani dongosolo lomwelo. Uthenga woyamba ukhale waufupi ndipo usakhale wa ndale: mufunseni za ntchito, za mayi ake, za mayeso amene ankakonzekera. Ngati pali mawu amene munalankhula oposa muyezo, pepesani pa mawuwo mowatchula, osawonjezera "koma nawenso". Simukufunika kupepesa chifukwa cha maganizo anu, ndipo musayembekezere kuti iye apepese chifukwa cha ake. Ngati muli ndi mnzanu amene nonse mumamukhulupirira, mupempheni akukumanitseni pa chinthu chimene munkakonda kuchitira limodzi. Akapanda kuyankha, musamuthire mauthenga ena ndipo musakadandaule pagulu. Dikirani miyezi ingapo, kutentha kwa chisankho kuzizire, ndiye mudzayesenso kamodzi.